Kuchotsa Mimba M'Malawi: Lamulo, Ndale ndi Funso la Wolipira

Mayi woyembekezera timati ali ndi pakati, ndipo akuluakulu amamasulira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Mkangano wa kuchotsa mimba waima pa mawu omwewa. Mbali ina imalankhulira moyo wa mwana amene sanabadwe, mbali inayo imalankhulira moyo wa mayi kapena mtsikana amene wamunyamula. Mawu a mbali zonsezi amamveka kwambiri ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre mumzinda wa Lilongwe, m'makalata a atsogoleri a mipingo ndi pa wailesi. Koma zotsatira zake zimaonekera makilomita ochepa kuchokera pamenepo, m'nyumba za lendi za ku Mgona, Chinsapo, Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25, ndiponso m'mawodi a amayi ku Bwaila ndi ku Kamuzu Central.

Mafunso atatu m'funso limodzi

Anthu akamakangana za kuchotsa mimba amaphatikiza mafunso atatu osiyana. Loyamba ndi la chikumbumtima: kodi kuchotsa mimba n'kolakwa pamaso pa Mulungu ndi pa mwambo? Lachiwiri ndi la lamulo: kodi boma lizimanga wochita zimenezi, ndipo ndi pa zifukwa ziti pamene lisamange? Lachitatu ndi la ndalama: ngati chithandizo chili chololedwa, alipire ndani? Munthu akhoza kuyankha loyamba kuti n'kolakwa, koma osafuna kuti mwana wa zaka 13 wogwiriridwa atsekeredwe. Wina akhoza kuvomera kuti lamulo lifewe, koma n'kukana kuti msonkho wake ugwire ntchito imeneyo.

Palinso mawu ofunika kuwasiyanitsa. Kupita padera ndi pamene mimba yachoka yokha. Kuchotsa kapena kutaya mimba ndi pamene munthu wachita dala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kuchotsa mimba kumakhala kosatetezeka ngati wochitayo alibe luso loyenera, kapena ngati malo ake sakukwanira pa ukhondo ndi zipangizo. Chinthu china chapadera ndi chithandizo chimene mayi amalandira mimba itachoka kale, chomwe ambiri amati kukolopa kapena kutsuka m'mimba. Chithandizo chimenechi n'chololedwa m'Malawi, ndipo chimaperekedwa posayang'ana kuti mimbayo yachoka bwanji.

Lamulo limene lilipo ndi kumene linachokera

Lamulo logwira ntchito lero lili m'buku la milandu ndi zilango la Penal Code, limene boma la atsamunda linakhazikitsa mu 1930 potengera lamulo la ku Britain la 1861. Gawo 149 limapereka chilango cha zaka zofika 14 kundende kwa wochotsa mimba ya munthu wina. Gawo 150 limapereka zaka zofika 7 kwa mayi wochotsa mimba yake. Gawo 151 limapereka zaka zofika 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Mpata ulipo umodzi, m'gawo 243: munthu salakwa ngati wachita opaleshoni mwaluso ndi mokhulupirika pofuna kupulumutsa moyo wa mayi.

Vuto la gawo 243 n'lakuti silinena kuti moyo uli pachiopsezo kuyambira pati. Kodi dokotala adikire mpaka mayi akomoke? Nanga mtsikana amene chiuno chake sichinakhwime, kapena mayi amene wafika poganiza zodzipha? Pamene lamulo silinena momveka, wachipatala aliyense amadziyezera yekha, ndipo ambiri amasankha kukana poopa zaka 14.

Britain inasintha lamulo lake mu 1967. Zambia inakhazikitsa lamulo lololeza pa zifukwa zingapo mu 1972. South Africa mu 1996 ndi Mozambique mu 2014 analola kuti mayi apemphe yekha m'masabata 12 oyambirira. Malawi inasunga mawu a 1930, koma pambali pake yakhala ikuvomera malamulo ena. Mu 2005 inavomereza pangano la mayiko a mu Africa la Maputo Protocol, limene m'gawo 14 limauza mayiko kuti alole kuchotsa mimba kuchipatala ngati yabwera mogwiriridwa kapena pachibale, kapena ngati ikuika pachiswe moyo ndi thanzi la mayi. Mu 2013 aphungu anavomereza lamulo la Gender Equality Act, lomwe limapatsa munthu ufulu wolandira chithandizo chokwanira cha uchembere. Motero dziko lili ndi malamulo awiri okokana.

Pa mwambo, nkhani ya mimba yochoka inali ya amayi okhaokha. Mtayo unkaikidwa ndi amayi akuluakulu mwakachetechete, popanda kulira maliro, ndipo mayiyo ankasala zina poopa kudula anzake ndi tsempho. Chinsinsi chimenechi chikadalipo, ndipo chimathandiza kumvetsa chifukwa chimene mayi amachedwera kuulula akayamba kutaya magazi.

Bilu ya 2015 ndi ulendo wake

Mu 2013 bungwe lounika malamulo la Law Commission linakhazikitsa komishoni yapadera motsogoleredwa ndi woweruza Esme Chombo. M'komishoniyo munali azamalamulo, azachipatala, mafumu ndi oimira zipembedzo. Mu 2015 inatulutsa maganizo ake pamodzi ndi bilu ya Termination of Pregnancy. Biluyi sinalole kuti mayi achotse mimba pongofuna, ndipo sinavomere umphawi ngati chifukwa. Inapereka zifukwa zinayi: pamene moyo wa mayi uli pachiopsezo; pofuna kuteteza thanzi lake la m'thupi kapena la m'maganizo; pamene mwana ali ndi chilema chachikulu choti sangakhale ndi moyo; ndi pamene mimba yabwera mogwiriridwa, pachibale kapena pogona ndi mwana wamng'ono, bola isanapitirire masabata 16.

Pa 6 Disembala 2016, bungwe la maepiskopi a Katolika la Episcopal Conference of Malawi ndi la Evangelical Association of Malawi anatsogolera zionetsero m'mizinda ndi m'maboma, zotsutsa biluyi pamodzi ndi maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Kuyambira pamenepo palibe nduna imene inaitengera ku Nyumba ya Malamulo ngati bilu ya boma. Pa 11 Malichi 2021, phungu wa Chiradzulu West, Matthews Ngwale, yemwe anali wapampando wa komiti ya zaumoyo, anapempha chilolezo choibweretsa ngati bilu ya phungu payekha. Aphungu anakana pempholo, moti zimene zili m'biluyo sizinakambidwe n'komwe. M'chaka chomwecho biluyo inachotsedwa pa mndandanda wa zokambirana.

Zimene otsutsa amanena

Mfundo yaikulu ya otsutsa ndi yakuti moyo wa munthu umayamba pamene mayi watenga pathupi, choncho kuchotsa mimba ndi kupha. Amatchula gawo 16 la malamulo oyendetsera dziko, lonena za ufulu wokhala ndi moyo, ndipo amati likuteteza ndi wosabadwa yemwe. Pa mimba ya kugwiriridwa amayankha kuti wolakwa ndi wogwirirayo, ndipo mwana asafere mlandu wa bambo ake. Atsogoleri a Chisilamu nawonso anatsutsa biluyi, ngakhale kuti akatswiri ambiri a chipembedzochi amalola ngati moyo wa mayi uli pangozi.

Mfundo yachiwiri ndi ya mawu akuti thanzi la m'maganizo. Otsutsa amati mawuwa ndi otakata kwambiri, ndipo amaloza ku Britain kumene pafupifupi mimba zonse zochotsedwa movomerezeka zimalembedwa pa chifukwa chimenechi. Kwa iwo, bilu yooneka yopapatiza papepala ikhoza kutsekula khomo lonse.

Mfundo yachitatu ndi yakuti nkhaniyi ikukankhidwa ndi mabungwe olandira ndalama zakunja. Yachinayi ndi ya chuma: m'zipatala momwe mankhwala amatha, amayi oyembekezera amagona pansi ndipo azamba ndi ochepa, ndalama zipite kaye kothandiza obereka. Pomaliza pali nkhawa ya anamwino ndi madokotala opemphera, amene safuna kukakamizidwa kuchita zimene chikumbumtima chawo chikukana. Biluyo inalola wachipatala kukana, koma inamulamula kutumiza mayiyo kwa wina, ndipo otsutsa ena amaona kutumizako ngati kutengamo mbali.

Zimene ochirikiza amanena

Mgwirizano wa mabungwe wa COPUA, womwe Emma Kaliya wakhala akuulankhulira, pamodzi ndi madokotala a amayi monga Chisale Mhango, amayambira pa zimene zikuchitika kale. Amati lamulo silinaletse kuchotsa mimba, langokuthamangitsira kuseri. Wa ndalama amapita ku chipatala cholipira n'kuthandizidwa mwaukhondo, pamene wosauka amapita kwa sing'anga kapena kudzichita yekha. Chilango chenicheni, malinga ndi iwo, chimagwera osauka ndi ana asukulu, ndipo kawirikawiri chimakhala kulumala kapena imfa, osati ndende.

Pa mfundo ya ndalama zakunja amayankha kuti lamulo la 1930 lenilenilo ndi lakunja, ndipo pangano la Maputo linalembedwa ndi mayiko a mu Africa. Amakumbutsanso kuti otsutsa nawo ali ndi abwenzi awo kunja. Pa chipembedzo amati bilu sikakamiza aliyense kuchotsa mimba, ndipo pali abusa ndi mafumu ena amene anaiikira kumbuyo ataona maliro a atsikana m'madera awo.

Chifukwa chimene andale amazengerezera

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Akhristu ndi pafupifupi 77 pa anthu 100 alionse, ndipo Asilamu ndi pafupifupi 14. Mpingo uli ndi njira yofikira ovota sabata ndi sabata: guwa, miphakati, mabungwe a amayi, sukulu ndi wailesi. Amalawi amakumbukira kuti kalata ya maepiskopi ya 1992 inathandiza kugwetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, choncho mawu a atsogoleri a mipingo amalemera pa ndale. Komanso pa zisankho zambiri aphungu oposa theka sabwerera ku Nyumba ya Malamulo. Phungu amadziwa kuti dzina lake likatchulidwa paguwa ngati wovomereza kupha ana, mpando wapita.

Mbali inayo ilibe mphamvu yotere. Mayi amene anatsala pang'ono kufa atachotsa mimba sangaime pa msonkhano wa phungu n'kunena, chifukwa akatero wadziulula mlandu wa zaka 7 ndi manyazi a banja lonse. Achibale a womwalira amalengeza kuti anadwala mwadzidzidzi. Kutsutsa bilu kumabweretsa mavoti ooneka, pamene kuivomera sikubweretsa woyamika poyera.

Alipira ndani?

Ku America mbali ina ya mkangano wa kuchotsa mimba imazungulira pa inshuwalansi, chifukwa kumeneko chithandizo chimalipiridwa kudzera m'njira imeneyo. Khoti lalikulu la dzikolo litaloleza kuchotsa mimba mu 1973, otsutsa anatembenukira ku thumba. Mu 1976 anapititsa lamulo la Hyde Amendment, loletsa ndalama za boma lalikulu kulipirira kuchotsa mimba kwa osauka a pa ndondomeko ya Medicaid, kupatula pa zifukwa zochepa. Phunziro lake n'lakuti chinthu chikhoza kukhala chololedwa koma chosafikirika kwa wopanda ndalama.

M'Malawi inshuwalansi ya zaumoyo ndi ya ochepa. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi amene anali nayo sankapitirira awiri pa 100 alionse. Masikimu monga a MASM amafikira makamaka olembedwa ntchito m'mabanki, m'makampani ndi m'mabungwe. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Chinsapo, mtsikana wosankha fodya mwaganyu ku Kanengo, kapena mkazi wa wakabaza ku Area 23 alibe khadi lotere. Zimene amadalira ndi zinayi: chipatala cha boma, chipatala cha mishoni, thandizo lakunja, ndi thumba lake, lomwe nthawi zambiri limatanthauza banki mkhonde kapena katapila.

Chipatala cha boma sichilipiritsa, koma chimapereka zimene zili pa mndandanda wa chithandizo chofunikira umene Unduna wa Zaumoyo umakonza. Mndandanda umenewu ndiwo inshuwalansi ya wosauka. Kutsuka m'mimba kuli pa mndandandawo. Izi zikutanthauza kuti msonkho ukulipira kale nkhani ya kuchotsa mimba, kungoti ukulipira kumapeto, zinthu zitaonongeka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anayerekeza kuti zipatala za boma zinkaononga ndalama zokwana pafupifupi madola 314,000 a ku America pachaka pa chithandizochi.

Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo m'dziko muno. Boma limalipira malipiro a antchito a zipatalazi, ndipo kuyambira cha mu 2006 limachita mapangano ndi zambiri mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera asamalipire. Eni ake a CHAM ndi mipingo, kuphatikizapo imene ikutsutsa bilu. Kwa anthu a ku Chinsapo, chimodzi mwa zipatala zapafupi ndi cha Likuni, cha Katolika. Ngakhale lamulo litasintha mawa, zipatala za mpingo umenewu sizingachotse mimba, ndipo funso la kumene mayi angatumizidwe ndi ndalama yoyendera lingatsalebe.

Njira ya mayi wa m'tauni

Kuti funso la ndalama limveke, ndi bwino kuona mmene vutoli limayendera. Mtsikana wa ku Mgona akazindikira kuti mwezi wamudumpha, ndipo mwini mimba wakana, amayamba kufunsa mwamseri. Wina amamuuza za mankhwala azitsamba, wina za kumwa mapiritsi ambiri kapena sopo wa ufa, wina za kamtengo ka chinangwa. Masiku ano ambiri amagula mapiritsi a misoprostol mobisa, kawirikawiri popanda wowalangiza, mimba ili yaikulu kale, mwinanso mapiritsiwo ali achinyengo.

Ngozi zake zimadziwika bwino. Zotsalira m'chiberekero zimapangitsa kuti magazi asasiye kutuluka. Zikawola zimayambitsa mafinya ndi kutentha thupi, ndipo tizilombo tikalowa m'magazi munthu amatha m'masiku ochepa. Kamtengo kakhoza kuboola chiberekero kapena matumbo. Mankhwala akumwa osadziwika mlingo amaononga impso ndi chiwindi.

Akafika msanga pa chipatala chaching'ono monga cha Kawale kapena Area 25, chithandizo chake n'chapafupi: mapiritsi, kapena kachipangizo kopopa ndi manja kamene namwino wophunzitsidwa amatsukira chiberekero m'mphindi zochepa, mayi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Koma mantha a polisi ndi a miseche amamugoneka m'nyumba masiku atatu kapena anayi, akuuza anthu kuti ndi malungo. Pofika pomunyamula usiku, nkhani yakula. Amatumizidwa ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, komwe pamafunika opaleshoni, mabotolo a magazi, mankhwala amphamvu ndi bedi kwa sabata kapena kuposa. Ena amachotsedwa chiberekero asanakwanitse zaka 20. Magazi amene walandirawo ndi omwewo amene mayi wotaya magazi pobereka akudikira m'chipinda china, ndipo amasowa kwambiri sukulu zikatsekera chifukwa opereka ambiri ndi ophunzira. Pakhomo napo pamatsala ngongole ya galimoto, geni yoima, ndi womudikirira amene wasiya ganyu.

Ndale za ku Washington m'zipatala za ku Lilongwe

Kwa zaka zambiri ndalama zoposa theka za zaumoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kunja, ndipo America yakhala mmodzi wa opereka akuluakulu. Kuyambira 1973 lamulo la Helms Amendment limaletsa kuti thandizo la dzikolo ligwire ntchito yochotsa mimba ngati njira yolera. Mu 1984 Ronald Reagan anaonjezera ndondomeko ya Mexico City Policy: bungwe lakunja lolandira ndalama za America lisachotse mimba, lisalangize za njirayi, ndiponso lisamenyere kusintha lamulo, ngakhale ndi ndalama zochokera kwina. Bill Clinton anaichotsa mu 1993, George W. Bush anaibwezeretsa mu 2001, Barack Obama anaichotsa mu 2009, Donald Trump anaibwezeretsa ndi kuikulitsa mu 2017, Joe Biden anaichotsa mu 2021, ndipo Trump anaibwezeretsanso mu Januwale 2025.

Mabungwe awiri odziwika pa kulera m'Malawi, Banja La Mtsogolo ndi Family Planning Association of Malawi, ali pansi pa mabungwe apadziko lonse amene amakana kusainira ndondomekoyi. Ndalama zikadulidwa, chimene chimachepa ndi jakisoni, mapiritsi ndi zoika pamkono zolerera, ndiponso maulendo a zipatala zoyendayenda. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 m'magazini ya The Lancet Global Health anaunika mayiko 26 a mu Africa pa zaka za 1995 mpaka 2014. Anapeza kuti pamene ndondomekoyi inkagwira ntchito, kuyambira 2001 mpaka 2008, m'mayiko odalira kwambiri thandizo la America kulera kunatsika, mimba zinachuluka, ndipo kuchotsa mimba kunakwera ndi pafupifupi 40 pa 100. Ndondomeko yofuna kuchepetsa kuchotsa mimba inabala zosiyana ndi cholinga chake.

Mawu a makhoti

Aphungu atakhala chete, nkhani inapita kukhoti. Mu 2021 khoti lalikulu linakana pempho la mtsikana wogwiriridwa amene anadandaulira chipatala cha Queen Elizabeth, ponena kuti sanapemphe chithandizocho momveka, koma linanenanso kuti kupulumutsa moyo kumaphatikizapo thanzi la m'thupi ndi la m'maganizo. Mu Okutobala 2025 khoti lalikulu ku Blantyre, pamaso pa woweruza Michael Tembo, linagamula mlandu wa mtsikana wamng'ono amene anatenga mimba atagwiriridwa n'kubwezedwa pa chipatala china cha boma. Khotilo linati kumukaniza kunaphwanya ufulu wake wa m'lamulo la Gender Equality Act, ndipo linalamula Unduna wa Zaumoyo kukonza malangizo ake kuti anene momveka za ana otere. Omenyera ufulu anayamikira chigamulochi, pamene atsogoleri a mipingo ina anachidzudzula ponena kuti khoti lalowerera ntchito ya aphungu. Chigamulochi sichinafafanize magawo 149 mpaka 151.

Zodziwika ndi zokanganirana

Pali zinthu zimene umboni wake ndi wolimba. Kuchotsa mimba kumachitika kwambiri ngakhale lamulo likuletsa. Kafukufuku wa 2009 anayerekeza mimba 67,300 pachaka. Wa 2015, wochitidwa ndi College of Medicine ndi Guttmacher Institute, anayerekeza 141,000, kapena 38 pa amayi 1,000 alionse a zaka 15 mpaka 49. Anapezanso kuti mimba 53 pa 100 zinali zosakonzekera, kuti amayi 60 pa 100 ochotsa mimba anakumana ndi zovuta zofunika chipatala, ndipo mmodzi mwa atatu a iwo sanalandire chithandizo. N'zodziwikanso kuti atsikana amatenga mimba msanga: mu 2015-16, 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali oyembekezera.

Zokanganirana zimayambira pa manambala omwewa. Chinthu chobisika sichiwerengeka mwachindunji. Ofufuza amawerenga amayi ofika kuchipatala, n'kuchotsapo oyerekezedwa kuti anapita padera, kenako n'kuchulukitsa potengera maganizo a akatswiri pa kuchuluka kwa osafika. Otsutsa amati njirayi imakweza chiwerengero. Nazonso imfa za amayi zochokera ku kuchotsa mimba zimayerekezedwa pakati pa 6 ndi 18 pa 100 za imfa zonse za uchembere, ndipo kutalikirana kwa manambala awiriwa kukusonyeza kuvuta kwa kuwerenga.

Mkangano wina ndi wakuti kodi kusintha lamulo kungapulumutse angati. Otsutsa amakumbutsa kuti imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439 mu 2015-16 lamulo lili lomwelo, chifukwa cha kuberekera kuchipatala, kulera ndi ma ARV. Ochirikiza amaloza ku South Africa, kumene imfa za kuchotsa mimba zinatsika kwambiri lamulo litasintha. Zambia ikuphunzitsa mbali zonse ziwiri. Lamulo lake n'lofewa kuyambira 1972, koma limafuna kuti madokotala atatu asaine, ndipo amayi ambiri sadziwa n'komwe kuti lilipo, moti njira zoopsa zikupitirira. Lamulo lopanda ogwira ntchito, mankhwala ndi ndalama limathera papepala. Palinso mfundo imene ochirikiza ena amavomereza: popeza bilu ya 2015 sinatchule umphawi, sukulu kapena kukanidwa ndi mwamuna, amayi ambiri ochotsa mimba pa zifukwa zimenezi akanakhalabe kunja kwake.

Funso la pamene moyo wa munthu umayambira kukhala ndi ufulu wofanana ndi wa mayi silingathe ndi kafukufuku. Limeneli ndi la chikhulupiriro ndi nzeru za anthu, ndipo anthu oona mtima amasiyana.

Zofunika kudziwa pakhomo

Pali zinthu zimene sizidikira bilu. Mayi amene akutaya magazi, akumva kupweteka m'munsi mwa mimba, akutentha thupi kapena akutuluka zonunkha mimba itachoka, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chithandizocho n'chololedwa ndipo m'zipatala za boma n'chaulere. Mwana kapena mayi wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV ndi mapiritsi oletsa kutenga mimba mwadzidzidzi. Ku malo othandizira ogwiriridwa otchedwa Chikwanekwane amapeza achipatala, apolisi ndi alangizi pamalo amodzi. Makolo amene amayamba ndi kukambirana za chindapusa ndi banja la wogwirirayo amataya maola amenewa, ndipo mimba imene ikanapewedwa imafika pa khomo lopapatiza la gawo 243.

Kulera ndiyo njira imene imachepetsa kuchotsa mimba mosakayikitsa. Dziko limene linaletsa kulera m'zaka za m'ma 1960, n'kukuvomera mu 1982 pa dzina la kutalikitsa nthawi yobereka, linafika pa amayi apabanja 58 pa 100 olera mu 2015-16. Otsalira kwambiri ndi atsikana osakwatiwa, amene amaopa kukaima pamzere umodzi ndi azakhali awo kapena amayi a kumpingo. Apa napo mipingo imasiyana, pakuti Katolika savomereza njira zachipatala pamene ina imavomereza kwa apabanja.

Boma lakhala likukamba zokhazikitsa inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse. Tsiku limene idzakhazikitsidwe, padzafunika kulemba chimene thumbalo lidzalipire ndi chimene silidzalipira, ndipo mkangano umene wazengerezedwa kuyambira 2015 udzabweranso, ulendo uno pa mzere wa bajeti. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa nkhani iyi wamva m'mimbayo amatsekula chitseko usiku kupita ku Bwaila, koma pa zokambirana za lamulo ndi za ndalama zimene zimam'khudza, ndiye yekha amene sanalankhulepo, chifukwa kulankhula kwake n'kudzipereka m'manja mwa gawo 150.